Ndafika bwino koma chikwama sichinafike

Lolemba usiku, mu ndege yachiwiri

Mtima sunakhazikikebe, thukuta lili kamukamu ngakhale mu ndege muno mukuzizira. Ndege yoyamba inanyamuka mochedwa ndi mphindi 50, nde pa tikiti panga nthawi yosinthira ndege inali ola limodzi ndi theka, kutanthauza kuti ndinatsala ndi mphindi 40 zokha zoti nditsike, ndidutsenso pa makina osecha aja, kuvula nsapato kuvula lamba, kenako liwiro kanjira katalitali mpaka geti yakumapeto kwenikweni. Ndinafika akuitana dzina langa pa sipika. Ndine amene ndinalowa komaliza, chitseko anatseka kumbuyo kwangaku.

Abambo amene ndakhala nawo pafupi anandipatsa kabotolo kawo ka madzi ataona mmene ndikupumira. Titacheza pang'ono anandifunsa ngati ndili ndi chikwama chopita pansi pa ndege, ndinati eya chimodzi. Anagwedeza mutu nkunena kuti "inu amayi mwathamanga ndi miyendo yanu, koma chikwama chimadikira wina achitsitse, achikweze pa ngolo, chidutse pa malamba, nde mukakafika mukakhale tcheru." Sanalankhule moopseza ayi koma mawu amenewo akungozungulira mmutu.

Ndikupita kwa achemwali anga, ndi oyembekezera, atsala ndi masabata awiri kapena atatu, mwana wawo woyamba atadikira zaka zambiri. Mchikwamamo muli chilichonse, chinalemera makilo 22.6 pa 23 omwe amaloleza. Zovala, jekete la mphepo, tchaja ya foni, mankhwala anga a BP. Koma chomwe chikundisowetsa tulo ndi shawelo ya mwana, yoyera yokhala ndi mzere wachikasu mmbali, ndakhala ndikuluka miyezi inayi madzulo aliwonse ndikaweruka. Ndinkafuna kuiika mkachikwama kammanja koma sinakwane.

Lachiwiri, pa eyapoti yofikira

Chikwama sichinafike.

Ndinaima pa lamba makina asanayambe nkuyenda komwe. Zikwama zinayamba kutuluka, aliyense nkumakoka chake nkumapita, ine maso ali pa kakhomo kaja ka timalabala takuda komwe zimatulukira. Chilichonse chakuda chikatuluka mtima umati nchimenecho, chikayandikira ndikuona kuti chilibe kansalu kofiira komwe ndinamanga pa chogwirira. Anthu anatha. Panatsala katoni imodzi yokulungidwa ndi selotepi yomwe inkangozungulira yokha, ndinaiwerenga maulendo 7, kenako makina aja anaima kuti zii. Ndinangoti kakasi.

Apa mpomwe ndikanalakwitsa kwambiri. Achemwali anali atatumiza mameseji atatu kuti tili panja pano tikukudikira, ndipo ndikudziwa kuti kuima nthawi yaitali sakukwanitsa masiku ano. Maganizo anga anali oti ndituluke kaye ndiwaone, za chikwama tidzaimba foni mawa. Ndinali nditayamba kale kulowera ku khomo lotulukira. Mayi wina amene ankakolopa chapafupi anandiona ndikuyenda chimanjamanja nditatha ola lonse pa lamba paja, anandikodola nkundilozera kaofesi kali pakona. Chingerezi chawo chinali chochepa koma zomwe amanena ndinazimva, khomo limenelo ukadutsa subwereranso mkati, kalembetse kaye. Dzina lawo sindinafunse nkomwe, zikundiwawa.

Pa mzere tinalipo anthu 9, asanu a ife ochokera ndege yochedwa ija. Mnyamata wa pa kaunta chinthu choyamba chomwe anafunsa si dzina langa ayi, anafunsa kasitika. Kasitika kaja amamata kuseri kwa boarding pass mukamapereka chikwama, kamene ambiri sitikayang'ana nkomwe. Ndinakhuthula kachikwama konse pa kaunta manja akunjenjemera, mpaka ndinakapeza boarding pass ya ndege yoyamba itapindidwa mkati mwa pasipoti. Pa kasitikako pali nambala ya manambala 10, yofanana ndi yomwe ili pa tagi yaitali ija amamanga pa chogwirira, ndipo pa makina awo chikwama chimadziwika ndi nambala imeneyo. Anailemba nkundiuza kuti chikuoneka kuti chinakwera ndege yoyamba, koma kuchokera pamenepo palibe paliponse chinaonekanso.

Kenako anatulutsa chipepala cholimba chokhala ndi zithunzi za zikwama zamitundumitundu, chilichonse ndi nambala yake, kumunsi kuli mitundu ya utoto, akuti lozani chofanana ndi chanu. Ndinaloza chakuda chansalu cha matayala awiri. Anandiyang'ana mwachifundo nkunena kuti zakuda zoterezi nzambirimbiri, chilipo china chomwe chikuchisiyanitsa? Ndinatchula kansalu kofiira. Anafunsa dzina la kampani yomwe inapanga chikwamacho, abale chikwama ndakhala nacho zaka 6 koma dzina linandithawa. Anafunsa ngati ndili ndi chithunzi chake mu foni, ndinalibe. Anati tchulani zinthu zingapo zomwe zili mkati zoti munthu akatsekula azizindikire msanga, ndinati zovala, anati ayi amayi zovala zili mchikwama chilichonse, nde ndinatchula shawelo, jekete labuluu ndi nsapato zofiirira.

Simu khadi yanga kuno sikugwira, nde ndinapereka nambala ya alamu ndi adilesi ya kunyumba kwawo. Pomaliza anandipatsa pepala, amalitcha PIR, Property Irregularity Report, pamwamba pali nambala ya nkhani yanga: zilembo 5 ndi manambala 5, zilembo zitatu zoyamba nza eyapoti, ziwiri zotsatira nza kampani ya ndege. Anaizunguliza ndi cholembera kawiri nkunena kuti iyi musataye, aliyense amene mudzalankhule naye adzafunsa imeneyi. Ndinasainanso fomu ina yoti chikwama chikafika chidutse kwa a kasitomu, oona za katundu wolowa mdziko, ine palibe. Mayi wina amene anali patsogolo panga pa mzere anandinong'oneza kuti funsani ngati ali ndi kathumba ka zofunikira usiku, mukapanda kufunsa sapereka. Ndinafunsa, anandipatsa kathumba kokhala ndi mswachi, mankhwala otsukira mano ndi tisheti yoyera.

Nditatuluka achemwali anali atakhala pa benchi, alamu ataima pambali. Tinakumbatirana, misozi yomwe ndinaigwira maola awiri inangotsika yokha. Iwo amati "usalire iwe, wafika wamoyo, chikwama chibwera." Za shawelo sindinawauze, ndinkafuna kudzangowadzidzimutsa nayo.

Lachitatu, kunyumba kwa achemwali

Ndadzuka 4 koloko, thupi silikudziwa kuti ndi nthawi yanji. Chinthu choyamba kutenga foni ya alamu, kulemba dzina langa ndi nambala ya pa pepala ija pa tsamba lomwe anandiuza. Likungoti tikufufuzabe. Lero ndayang'ana mwina ka 20, yankho ndi lomwelo.

Vuto lalikulu lero linali mankhwala. Mkachikwama kammanja ndinaikamo a masiku awiri okha, a mwezi wonse ali mchikwama chosowacho, ndipo ndikuvomera kuti ndinaganiza molakwika, mankhwala sayenera kupita pansi pa ndege olo kamodzi. Ku famase anakana kundigulitsa popanda kalata ya dokotala, ndipo dzina lenileni la mankhwalawo ndi mphamvu yake sindimazisunga pamtima. Ndinaima pamenepo mutu ukuyamba kugunda. Mtsikana wa mu famasemo sanandithamangitse, anandikhazika pa mpando, anandiyeza BP, nkundifunsa ngati sindinajambulepo bokosi lake. Tinafufuza limodzi mu foni yanga zithunzi za chaka chatha mpaka tinachipeza, chomwe ndinatumizira munthu wina kuti akandigulire. Anandilembera pa kapepala kiliniki yapafupi komanso basi yokwera. Dokotala anandiona madzulo, mankhwala ndapeza.

Tinakagulanso zovala zamkati, thalauza imodzi, malaya awiri, mafuta odzola ndi tchaja. Mnyamata wa dzulo uja anati kampani imabweza ndalama za zinthu zofunikira zomwe mwagula chifukwa chikwama chachedwa, bola zikhale zomveka ndipo mukhale ndi malisiti. Nde ndasankha zotchipa, ndipo lisiti lililonse ndikulijambula kaye pa foni ndisanaliike mu envulopu, poti timalisiti ta mmashopu timafufutika msanga. Jekete sindinagule, mayi woyandikana nawo nyumba atamva nkhani yanga anabwera ndi lake lalikulu lobiriwira, akuti valani mpaka lanu lifike. Likununkhira perefyumu wa munthu amene ndamudziwa lero lomwe, koma ndi lofunda.

Lachinayi

Tsiku la mafoni. Alamu anati tiimbire kampani ya ndege yoyamba poti ndi yomwe inachedwa, tinadikira pa foni mphindi 35 kanyimbo kakungobwerezabwereza, atayankha anati nkhani yanu ili mmanja mwa kampani yomwe inakufikitsani komaliza. Ine ndinakwiya, ndinaona ngati akungotikankhirana. Koma kenako ndamva kuti ndi mmene zimayendera ukakhala pa tikiti imodzi, yomaliza ndi yomwe imatsekula nkhani nkumafufuza, olo chikwama chitasowera mmanja mwa ina. Nde tinaimbira yachiwiri, kudikiranso. Amene anayankha anali waulemu koma ankawerenga zomwezo ndikuziona ndekha pa foni.

Usiku tulo titakana ndinakhala pa tebulo ndi laputopu ya alamu kuwerenga, ndinkafuna ndidziwe kuti chikwama chimasowa bwanji ndipo amachifuna bwanji. Makampani ambiri a ndege amagwiritsa ntchito dongosolo limodzi la pa kompyuta lotchedwa WorldTracer, loyendetsedwa ndi SITA, kampani yoona za makompyuta a maulendo a ndege. Wosowa chikwama akalembetsa ngati mmene ndinachitira ine, zimalowa mmenemo. Kwina eyapoti ikapeza chikwama chopanda mwini, nayo imalemba mmenemo mtundu wake, nambala ya tagi ngati ilipo, ndi zomwe zili mkati. Kompyuta nkumafananitsa mbali ziwirizo. Apa mpomwe ndinamvetsa chifukwa chomwe mnyamata uja anakanira yankho loti zovala.

Ndinapezanso kuti kuyambira June 2018 bungwe la makampani a ndege padziko lonse, IATA, linakhazikitsa lamulo lotchedwa Resolution 753, loti makampani ake azilemba chikwama pa malo anayi: pochilandira kwa mwini wake, pochikweza mu ndege, pochipereka posintha ndege, ndi pochibweza kwa mwini wake. Nde ukamaimba foni funso lothandiza si lakuti chikwama changa chili kuti, koma lakuti chinaonekera kuti komaliza. Changa chinaoneka kawiri kokha, pochilandira ndi pochikweza. Ndipo posintha ndege mpomwe zikwama zambiri zimasokonekera, monga abambo a mu ndege aja ananenera.

Mantha anga ndi oti ngati tagi ikanakhala ilipo bwenzi atachipeza kale, masiku atatu ndi ambiri.

Loweruka

Dzulo sindinalembe, ndinalibe mphamvu. Tinaperekeza achemwali ku sikelo, mwana ali bwino, mutu wayang'ana kale pansi.

Lero kwabwera imelo yokhala ndi fomu yaitali, akuti poti masiku asanu akwana nkhani yapita ku ofesi yaikulu yofufuza, ndilembe chinthu chilichonse chomwe chinali mchikwama, ndinachigula liti, ndalama zingati, lisiti ngati lilipo. Ndinakhala pansi nditatsinzina nkumakumbukira mmene ndinkalongedzera Lamulungu usiku, pansi nsapato, pamwamba pake mathalauza, mmbali masokosi. Zovala zinali zosavuta. Nditafika pa shawelo cholembera chinaima. Mtengo wa ulusi ndikuudziwa. Koma miyezi inayi ija, madzulo omwe ndinkamasula mizere 10 chifukwa ndalakwitsa diso limodzi kumunsi, usiku womwe magetsi anazima ndikulukabe ndi tochi ya foni, pemphero lomwe ndinkanena pa mzere uliwonse kuti mwana ameneyu afike bwino, zimenezo pa fomu palibe malo ake. Ndinalemba mtengo wa ulusi basi. Achemwali anandipeza ndikulira pa tebulo, nde ndinangowauza zonse. Anakhala phee kanthawi, kenako anandigwira dzanja nkuliika pamimba pawo mwana akugunda.

Alamu ndi munthu wa mapepala, anasindikiza zigawo za pangano lomwe limayendetsa nkhani zimenezi pa maulendo ambiri a pakati pa mayiko, Montreal Convention la 1999, nkumandiwerengera. Chikwama chikapanda kufika pakatha masiku 21 kuchokera tsiku lomwe chimayenera kufika, uli ndi ufulu wochitenga ngati chatayika nkufuna chipukuta misozi. Koma ndalamayo ili ndi malire, kuyambira pa 28 December 2024 ndi 1,519 SDR, poyamba inali 1,288. SDR si ndalama yogwira mmanja, ndi muyezo wa IMF, ndipo 1,519 ndi pafupifupi madola 2,000 a ku America. Malirewo ndi a munthu mmodzi, osati chikwama chimodzi, ukataya ziwiri ndi omwewo. Komanso sikuti amangokupatsa yonseyo ayi, amalipira zomwe waonetsa kuti wataya, ndipo zinthu zakale nthawi zambiri amazichotsera mtengo. Wonyamula zodula kuposa pamenepo amayenera kunena pa kaunta asanapereke chikwama nkulipira ndalama yapadera kuti malire akwere. Ngati zavuta mpaka kukhoti, nthawi yake ndi zaka 2. Alamu anatinso tiyang'ane inshuwalansi ya ulendo yomwe ndinagula pofunsira viza, ndinali nditaiwala kuti ilipo, mkati muli gawo la katundu wochedwa, nawonso akufuna pepala la PIR lomwelo.

Anatchulanso kuti ku Scottsboro ku Alabama kuli shopu yaikulu, Unclaimed Baggage, yomwe kuyambira 1970 imagula zikwama zomwe eni ake sanapezeke nkumagulitsa zamkati. Amafuna kundisangalatsa ndi nkhani yachilendo koma ine ndinangoona shawelo yanga itapachikidwa kwinakwake ili ndi kapepala ka mtengo. Ndinawapempha kuti tisiye kaye nkhaniyo.

Lamulungu, mu basi yochokera ku eyapoti

Kukhala pansi kumandipweteka kuposa kuyenda, nde lero ndinapita ndekha ku eyapoti. Mabasi awiri, wachiwiri ndinamudikira mphindi 25 pa siteji mphepo ikulowa mpaka mmafupa, mvula yowaza, jekete la eni ake ndalikoka mpaka mmakutu. Ndinali ndi mantha osochera poti kuno sindinayendepo ndekha, koma dalaivala ataona pepala lomwe alamu anandilembera anandikhazika mpando wakutsogolo nkundidzutsa pamalo pake.

Ofesi ya zikwama ili mkati komwe wochokera panja salowa, pali kafoni pa khoma koitanira. Anatuluka bambo wachikulire ndithu wa imvi, anaona pepala langa ndi pasipoti, anati dikirani, patapita nthawi anabwera nkundilowetsa kuchipinda komwe amasunga zikwama zosowa eni. Sindidzaiwala. Mashelefu mpaka kudenga, zikwama ndii, ngolo za ana, ndodo yoyendera ya munthu wokalamba itatsamira pakona. Ndinayenda mzere ndi mzere kugwira chakuda chilichonse. Changa panalibe.

Koma bamboyo sanandisiye choncho. Anandionetsa chikwama china chomwe pa chogwirira panatsala kachidutswa kokha ka tagi, akuti malamba a makina amadula ma tagi, makamaka ngati yamatidwa molendewera kapena chikwama chili ndi zingwe ndi tinsalu tokodwa. Nditamva tinsalu ndinakumbukira kofiira kanga kaja. Anatinso ena amasiya ma tagi a maulendo akale, makina nkusokonezeka. Chikwama chikaduka tagi amachitsekula kufuna dzina mkati, nde anandifunsa kuti "amayi, mkatimo mulibe chilichonse cholembedwa dzina lanu? Kalata, buku, khadi?" Ndinati ayi. Anati ganizani bwinobwino, musafulumire. Ndinaima pamenepo kuganiza, kenako zinandibwerera, kabuku kanga kolembamo mizere ya shawelo, kachikuto kobiriwira, ndinakalowetsa mkathumba ka zipi ka mkati mphindi yomaliza, ndipo pachikuto ndinalemba dzina langa loyamba. Pa fomu ya dzulo sindinakalembe poti ndinkaona ngati nkopanda mtengo. Anakhala pa kompyuta nkuwonjezera mu nkhani yanga, kabuku kobiriwira, dzina lakuti, shawelo yoluka pamanja yoyera ndi chikasu, komanso singano ziwiri zolukira zomwe nazonso ndinaziiwala kutchula. Anati sindikulonjeza koma izi ndi zomwe anzathu amaona akatsekula.

Ndatopa kwambiri, miyendo yatupa. Koma kwa nthawi yoyamba sabata ino ndikumva ngati ndachitapo kanthu.

Lolemba madzulo

Foni ya alamu inalira 5 koloko akuchokera kuntchito, anabwera akuthamanga pa masitepe. Ku eyapoti yosinthira ija kuli chikwama chakuda chopanda tagi, mkati muli kabuku kobiriwira. Omwe anaimbawo anandifunsa mafunso awiri otsimikizira, mtundu wa jekete ndi saizi ya nsapato, ndinayankha mawu akunjenjemera. Akuti achikweza ndege ya mawa. Achemwali anayamba kuimba nyimbo yothokoza Mulungu kukhitchini. Ine sindikufuna kusangalala kwambiri ndisanachigwire ndi manja angawa, usiku uno ndikudziwa kuti tulo kulibe.

Lachitatu, kunyumba

Dzulo tsiku lonse ndinali pa windo, sichinabwere, akuti chinafika usiku ndipo chimadikira a kasitomu. Lero 11 koloko mmawa kagalimoto koyera kanaima panja. Mnyamata anachitsitsa nkumachikoka, ndinamva kale phokoso lachilendo chisanafike pakhomo, tayala limodzi lathyoka, chikukwekwereza pansi. Kansalu kofiira kulibe. Pa chogwirira pali tagi yatsopano yolembedwa RUSH, yomwe amamanga pa chikwama choyenda chopanda mwini wake.

Mnyamatayo anali pachangu, anandipatsa makina oti ndisaine. Ndinati pepani achimwene dikirani kaye pang'ono. Ndinachijambula mbali zonse ali pompo, tayala, kona yomwe yang'ambika, tagi yatsopano, ndipo ndinamupempha alembe pa pepala lake kuti chafika chothyoka. Sanakane, anandithandiza nkuchinyamula kukwera nacho masitepe. Ndinatsekula zipi pabalaza pomwepo nditagwada. Zinthu zinali zosokonezeka poti anachitsekula, kabuku kobiriwira kali pamwamba penipeni. Pansi pake shawelo, mu pulasitiki momwe ndinaikulunga, youma bwinobwino, yopanda banga olo limodzi. Achemwali anaitambasula pamiyendo nkumasisita mzere wachikasu uja ndi chala osalankhula kanthu. Ine ndinangokhala pansi pamenepo nthawi yaitali.

Masana alamu anandikumbutsa kuti nkhani sinathe. Pepala la PIR lija ndi longodziwitsa kuti chikwama chasowa, si kalata yopempha ndalama, imeneyo umalemba payokha. Ndipo masiku ayamba kuwerengedwa lero. Za kuthyoka uyenera kudandaula polemba pasanathe masiku 7 chilandirireni chikwama, za ndalama zomwe wawononga chifukwa cha kuchedwa pasanathe masiku 21, ukadutsitsa akhoza kukukanira. Kuimba foni sikukwanira. Nde ndakhala pansi lero lomwe, ndalemba pa fomu ya kampani, ndaika nambala ya PIR, nambala ya kasitika, ma boarding pass onse awiri, zithunzi za tayala, malisiti 6 kuphatikizapo la dokotala, ndipo ndajambula sikirini yosonyeza kuti zapita ndi tsiku lake. Mapepala enieni ndawabwezera mu envulopu, sindiwataya mpaka ndalama italowa. Kwa a inshuwalansi ndilemba mawa, lero mutu wakwana.

Jekete lobiriwira ndakabweza kwa eni ake, anakana kulandira chilichonse, anangofunsa ngati angaone shawelo, nde anabwera kudzaiona. Chikwamacho ndachijambula kale ngakhale nchothyoka, ndipo mkati ndamata pepala la dzina langa lonse, imelo ndi nambala za foni ziwiri, pobwerera mankhwala onse akakhala mmanja. Shawelo ndaichapa ndi manja mmadzi ofunda, yayanikidwa pa thaulo mchipinda changa. Ikauma mawa tiipinda nkuiika mchikwama cha kuchipatala chomwe chili kale pafupi ndi chitseko, achemwali akuti kuyambira madzulo ano msana ukuwapweteka mosiyana ndi masiku onse.